Makalata a Omvera: Kubwerera Kukamaliza Sekondale ku America ndi ku Canada

Takulandirani omvera athu. Makalata a lero achokera kwa abale athu okhala ku America ndi ku Canada, ndipo nkhani yake ndi imodzi: munthu amene anasiyira sekondale panjira, akafuna kubwerera ayambire pati?

Kalata yoyamba ndi ya mayi wina wa ku Texas, ku America. Akuti: "Mwana wa mchemwali wanga anasiya sukulu ali mu giredi 11, pano akufuna dipuloma yake. Kodi ayambirenso giredi 9, kapena zimene anakhoza kale zikadali ndi ntchito?"

Zikomo mayi. Asayambirenso ayi. Kumeneko sekondale (giredi 9 mpaka 12) amaimaliza posonkhanitsa makirediti, ndipo satifiketi yake amaitcha dipuloma. Kirediti imodzi ndi phunziro limodzi lomwe mwana walikhoza kwa chaka chathunthu, pafupifupi maola 120 a m'kalasi, ndipo phunziro la theka la chaka limapereka theka la kirediti. Zonse zimene anakhoza zinalembedwa m'chikalata chotchedwa transcript. Ndiye asanalembetse kulikonse, akaitanitse chikalatachi kusukulu imene anasiyira. Ngati inatsekedwa, afunse ku ofesi ya maphunziro ya m'deralo. Apemphe chovomerezeka, chimene sukulu yakaleyo imatumiza yokha kusukulu yatsopano, chifukwa pepala la fotokope lobwera nalo m'thumba nthawi zambiri salikhulupirira.

Akachilandira akhale pansi ndi mlangizi wa pasukulu. Ku Texas dipuloma imafuna makirediti osachepera 22: Chingerezi 4, masamu 3, sayansi 3, maphunziro a mbiri ndi kayendetsedwe ka boma 3, chilankhulo china 2, masewera olimbitsa thupi 1, zaluso 1, ndi 5 osankha yekha. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mwana amaona kuti ali ndi 19 n'kunena kuti atsala 3 basi, osadziwa kuti mwa 19 aja, 8 ndi osankha, pamene ofunika ndi 5 okha. Atatu owonjezerawo sangalowe m'malo mwa Chingerezi kapena masamu, choncho otsala enieni ndi 6. Muwerenge mzere ndi mzere, mayi, phunziro lililonse palokha.

Chinanso, maphunziro ena amayenda motsatana. Sangalowe masamu a Algebra II asanakhoze Algebra I, ndiye amene ali ndi otsatira ake ayambe ndi amenewo teremu yoyamba, osankha abwere pambuyo. Afunsenso ngati analemba kale mayeso a boma a maphunziro monga Algebra I, Biology ndi mbiri ya America, popeza ku Texas kirediti payokha siikwanira. Zaka zakenso n'zofunika. M'madera ambiri sukulu za boma zimasiya kulandira munthu akafika cha m'ma 21, ndipo kupitirira apo amakamalizira kusukulu za akuluakulu. Akasamukira dera lina, malamulo amasinthanso, ngakhale kawerengedwe komwe: sukulu zambiri za ku California zimapereka 10 pa phunziro lomwe ku Texas ndi kirediti imodzi.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina amene amaphunzitsa akuluakulu ku Ontario, ku Canada. Iyi ndiiwerenga yonse chifukwa yadzaza.

"Chonde auzeni anthu kuti kuno dipuloma ya sekondale imafuna makirediti 30, iliyonse ya maola 110, kuphatikizapo maola 40 a ntchito yongodzipereka ndi umboni woti munthu amatha kuwerenga ndi kulemba bwino, kaya polemba mayeso kapena kutenga phunziro lapadera. Koma chiwerengero cha maphunziro okakamizidwa chimatengera chaka chomwe munthu anayamba giredi 9. Amene anayamba chaka cha 2024 chisanafike amafunika 18 okakamizidwa ndi 12 osankha, pamene oyamba mu 2024 kapena pambuyo pake amafunika 17 ndi 13. Wamkulu wa zaka 18 kupita m'tsogolo ali ndi mwayi wina wotchedwa PLAR. Sukulu imaunika zimene anaphunzira kale, pantchito ngakhalenso kudziko kwawo, n'kumupatsa makirediti ofika 16 a giredi 9 ndi 10, komanso ofika 10 a giredi 11 ndi 12. Anayi otsalawo nthawi zambiri ayenera kuwaphunzira. Abwere ndi masatifiketi, makalata a kuntchito ofotokoza zimene ankagwira, ndi zotsatira za mayeso a kwawo."

Tathokoza aphunzitsi. Mwamva omvera? Munthu amene ankaopa zaka zinayi za m'kalasi angapezeke kuti watsala ndi maphunziro anayi okha. Chimandimvetsa chisoni n'chakuti ambiri safunsa n'komwe za mwayiwu, amangolembetsa kuyambira pansi. Ku British Columbia, dera lina la ku Canada, nakonso kuli dipuloma ya akuluakulu yotchedwa Adult Dogwood, yofuna maphunziro asanu okha, mwa iwo chilankhulo cha giredi 12 ndi masamu a giredi 11 kapena 12.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mnyamata wina: "Ndimagwira ntchito usiku. Kodi GED ndi chimodzimodzi ndi dipuloma? Ndaonanso pa intaneti sukulu yolonjeza dipuloma m'masabata awiri."

Achimwene, ya masabata awiriyo isiyeni. Sukulu yeniyeni imayamba yafunsa transcript yanu, imakupatsani ntchito ndi mayeso, ndipo dzina lake limadziwika ku ofesi ya boma yoona za maphunziro. Funsani kumeneko musanalipire, ndipo funsaninso koleji imene mukufuna ngati imalandira pepala la sukuluyo.

GED ndi satifiketi yoima m'malo mwa dipuloma, ndipo makoleji ambiri ndi olemba ntchito amailandira. Mayeso ake ndi anayi: masamu a mphindi 115, chilankhulo mphindi 150, sayansi mphindi 90, ndi a mbiri ndi za boma mphindi 70. Malikisi amayambira pa 100 kufika 200, ndipo muyenera kupeza 145 pa mayeso alionse paokha. Malikisi ambiri a sayansi sangakwirire masamu olephera. Ubwino wake kwa inu wogwira ntchito usiku ndi wakuti mungalembe amodziamodzi, ndipo mukalephera mumabwereza okhawo. Ine ndingati ngati mwatsala ndi makirediti ochepa, malizani dipuloma yeniyeni, koma ngati atsala ambiri, GED ndiye yachidule. Ngati muli ku Canada, dziwani kuti GED inatha mu 2024 ndipo m'malo mwake munabwera mayeso a CAEC. Madera ena a ku America amagwiritsa ntchito HiSET, yofanana ndi GED koma ya mayeso asanu, choncho fufuzani kaye imene dera lanu limavomereza musanagule mabuku okonzekera.