Makalata a Omvera: Ng'ombe Zadya Dimba, Mkono wa Mwana Wathyoka

Takulandiraninso omvera athu a ku Chikwawa, ku Nsanje, ndi inu a kutsidya kwa Shire ku East Bank. Thumba la makalata sabata ino lalemera, ndipo ambiri akunena za ndewu. Kaya ndi dzuwa la Okutobala lawiritsa mitima, kaya.

Ndiyamba ndi kalata imene yandisowetsa tulo, yochokera kwa bambo wina wa ku Ngabu. Akuti: "Ng'ombe za mnansi wanga zinalowa m'dimba n'kudya chimanga ndi nyemba zonse. Ndinapeza mnyamata woweta, wa zaka 12, ndinam'menya ndi mpini wa khasu, mkono n'kuthyoka. Apolisi anditsegulira mlandu. Wolakwa ndani apa, poti mbewu zadyedwa ndi zanga?"

Bambo, ululu wanu ndikuumva. Kuno kuchigwa dimba ndiye nkhokwe yathu. Mvula ikakana, kapena madzi akakokolola minda monga muja anachitira namondwe Freddy mu 2023, banja limapulumukira chinyontho cha m'mbali mwa Shire. Koma sindikubisirani, mwalakwa.

Khothi likamazenga mlandu womenya munthu limafufuza ngati munam'khudzadi kapena kum'menya, ngati munachita dala, ngati iye anavomera, ndiponso ngati panali chifukwa chimene lamulo limachilola. Mkwiyo suli m'gulu la zifukwa zimenezo. Kudziteteza n'kololedwa pamene wina akukuukirani nthawi yomweyo, ndipo mphamvu imene mwagwiritsa ntchito ilingane ndi ngozi imene inalipo. Nanga kamwana kogwira kamkwapulo koweta kanakuopsezani chiyani?

Chilango chimayendera kukula kwa bala. M'buku la malamulo la Penal Code, gawo 253 likunena za kumenya kopanda bala, ndipo munthu angakhale kundende mpaka chaka chimodzi. Pakakhala kutupa, kukanda kapena magazi, ndi gawo 254, mpaka zaka 5. Kuvulaza koopsa, kumene kungasiye chilema, ndi gawo 238, mpaka zaka 14. Fupa lothyoka likhoza kukufikitsani pamenepo, ndipo lipoti la dokotala ndi limene lidzalankhule mokweza kuposa inu. Pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa pa milandu, mukapemphe loya. Za chimanga chanu, woyenera kulipira anali mwini ng'ombe, kudzera kwa amfumu kapena kukhothi, ndipo njira imeneyo ikadali yotseguka.

Inunso eni ziweto, ndikukuonani. Mwana wa zaka 12 malo ake ndi m'kalasi. Mwam'tuma kutsata ng'ombe dzuwa lili paliwombo, akaodzera pansi pa msangu, wothyoka mkono ndi iye, inu muli pamthunzi.

Mnyamata wa ku Bangula akufunsa ngati kusolola chikwanje popanda kutema n'kulakwa. Inde achimwene, mnzanuyo akaopa kuti mum'tema pompo, mlandu wayamba kale. Chikwanje tichisiyire nzimbe ndi bango.

Wina wa ku Makhanga akuti anagwetsedwa pa mpira, akasume? Kugundana kwa m'masewero munavomera pamene munkalowa m'bwalo. Chibakera chobwera wenzulo italira ndiye nkhani ina.

Tsono makalata anayi, wa ku Nchalo, wa ku Marka ndi awiri a ku Tengani, onse ndi amayi ndipo mawu ndi amodzi: "Amuna anga amandimenya, ankhoswe akuti ndipirire." Apa mundilole ndilalikire pang'ono. Chinkhoswe sichipereka chilolezo chomenya munthu, ngakhale lobola ya ng'ombe zingati. Mbama ya m'nyumba ndi mlandu womwewo ngati mbama ya pamsika. Kuyambira 2006 tilinso ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja, ndipo majisitireti akhoza kulamula kuti womenyayo aleke kapena asayandikire. Inu ankhoswe, ntchito yanu n'kumanga banja, koma mukamabweza mkazi wotupa diso kuti akapirire, tsiku lina mudzanyamula maliro amene munawaona akubwera.

Mayi a ku Marka, mwalemba kuti khutu lakumanzere silikumvanso chim'menyereni. Musadikire pulogalamu ya sabata yamawa. Kukacha pitani kupolisi, ku ofesi ya Victim Support yothandiza ochitiridwa nkhanza, akakupatseni kalata yopita nayo kuchipatala, ndipo mutengane ndi mchemwali wanu amene mwam'tchula uja.