Igwa kapena siigwa? Kuwerenga thambo ndi maso anu

[Chithunzi: thambo la m'mawa, timitambo toyera tomwazikana]

Moni nonse owonera. Lero foni ikhale kaye m'thumba, maso kumwamba. Koma tigwirizane chimodzi tisanayambe: thambo limaulula za maola ochepa akubwerawa, likatalikitsa ndiye tsiku limodzi. Za mwezi wamawa musalifunse.

Tiyambe ndi mitambo, poti ndiyo mboni yodalirika kuposa zonse. Mayina amene akatswiri a zanyengo amaitchula, monga cumulus, stratus ndi cirrus, anawayambitsa Luke Howard wa ku London mu 1802. Inu musavutike kuwaloweza. Chofunika n'kuona mmene mtambowo ukusinthira.

[Chithunzi chothamangitsa: mtambo ukufufuma n'kumakwera]

Timitambo toyera tonga thonje, tosalala kunsi, tikamangoyandama osatalika, yanikani zovala zanu mtima uli m'malo. Koma dzuwa lisanafike paliwombo n'kuona tayamba kuunjikana, kumakwera ngati chulu, pamenepo tcherani maso. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wofunda wachinyezi umakwera. Kumwambako kumazizira, choncho nthunzi ija imasanduka timadontho ta madzi. Mpweyawo ukamakwerabe, mtambo nawo umatalika, mpaka makilomita 10 kapena kuposerapo. Mukaona pamwamba pake paphwatalala n'kutambasukira mbali imodzi, kunsi kuli bii, imeneyo ndi mvula ya mabingu, mwina ya matalala yomwe.

Nanga kamphepo kozizira kaja, kongobwera mwadzidzidzi masamba n'kuyamba kuuluka? Ndi mpweya umene watsika ndi mvula kuchokera mumtambomo, wafika pansi n'kuthamangira kutsogolo. Kakakuwombani, anulani zovala zija msanga.

[Phokoso: kugunda kwa bingu]

Apa pali kasamu kosavuta. Kuwala kwa mphezi kumatipeza nthawi yomweyo, pomwe phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Ndiye kukang'anima, yambani kuwerenga. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Mwawerenga 15 bingu n'kugunda? Ili pa makilomita 5. Ikang'animanso n'kuwerenga 9, ikubwera kwa inu. Ndipo ichi ndinene motsindika: zikachepera masekondi 30, lowani m'nyumba. Pansi pa mtengo ayi.

[Chithunzi: mwezi uli ndi mkombero wowala]

Usiku nako kuli zake. Mkombero wozungulira mwezi, nthawi zina dzuwa, umabwera chifukwa cha mitambo yopyapyala ya kutali kumwamba, imene ili ndi tizidutswa ta madzi oundana. Kuwala kukamadutsa m'tizidutswato kumapindika, n'kujambula mkombero wa madigiri 22. Mitambo yotereyi kawirikawiri imatsogolera nyengo ya mvula. Ndati kawirikawiri, sindinati nthawi zonse. Yang'anani chotsatira: mitamboyo ikamakhuthala n'kumatsika mpaka mwezi kuzimirira, mvula ikhoza kufika tsiku lisanathe. Ikamwazika, basi, munangoona zokongola.

Mame ndi nkhani yosavuta. Usiku kukakhala kopanda mitambo ndi mphepo, nthaka imataya kutentha, udzu n'kuzizira, chinyezi n'kusanduka madontho. Choncho udzu wonyowa ndi mame m'mawa umasonyeza kuti usiku kunali kwabata, ndipo nthawi zambiri tsikulo limayamba bwino.

Utawaleza umaoneka dzuwa likakhala kumbuyo kwanu, mvula ili kutsogolo. Ndiye musangousirira, onani kumene mitambo ikulowera. Ikamachokera mbali ya utawalezawo, mvula imene mukuionayo ndi yanu.

[Chithunzi: dzuwa likulowa, kumadzulo kuli psuu]

Tsopano chizindikiro chimene chimasokoneza ambiri. Mwina munamvapo kuti kumadzulo kukafiira dzuwa polowa, mawa kucha bwino. Zili ndi maziko ake: kufiirako kumatanthauza kuti kumadzulo mpweya ndi wouma, mitambo kulibe. Koma zimenezi zimathandiza kumene nyengo imayenda kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, monga ku Ulaya ndi ku North America. M'madera otentha oyandikira pakati pa dziko lapansi, mphepo nthawi zambiri imachokera chakum'mawa, ndiye kumadzulo koyerako kungakhale nyengo imene yakudutsani kale. Musanakhulupirire lamulo lililonse, dziwani kaye mbali imene mvula ya kumene mukukhala imachokera.

Nanga zinyama? Apa ine ndimakayikako pang'ono. Anamzeze akamauluka chapansipansi, amakhala akutsata tizilombo, ndipo tizilomboto sitikwera m'mwamba mpweya ukakhala wozizira ndi wachinyezi. Achule amalira kwambiri kukachita chinyezi. Zonsezi zikukuuzani mmene kulili panopa, osati mmene kukhalire mawa. Mchere wogwirana m'botolo ukunena zomwezo, chimodzimodzi tsitsi, limene limatalika pang'ono kukakhala chinyezi. Horace Bénédict de Saussure wa ku Geneva anapanga chipangizo choyezera chinyezi pogwiritsa ntchito tsitsi la munthu cha m'ma 1783. Koma chinyezi pachokha si mvula. Achule akalira, anamzeze n'kutsika, ine ndimayambabe ndayang'ana ngati mitambo ikukwera.

[Chithunzi: dzanja likulemba m'kope]

Kwa masabata awiri, m'mawa uliwonse lembani zitatu: mitambo ikuoneka bwanji, mphepo ikuchokera kuti, ndi zimene mukuganiza kuti zichitika. Madzulo lembani zimene zachitikadi, ngakhale tsiku limene mwanyowa.