Mkanjo wa Chaka Chino

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Mawu athu lero akuchokera pa 1 Samueli 2:18-19.

Alipo makanema ambiri onena za mtsikana amene akumaliza sekondale, koma kunyumba sakumwerana madzi ndi amayi ake. Iye akufuna kukaphunzira kutali, kudzisankhira zovala ndi anzake. Amayi akuona ngozi paliponse, ndiye chilichonse chimene anena chikumveka ngati chidzudzulo. Chimandipweteka mtima n'chakuti awiriwa amakondana kwambiri, koma aliyense amagona akuganiza kuti mnzakeyo samufuna.

Taonani Hana. Mwana wake Samueli anachita kumupempha kwa Mulungu ndi misozi ku Silo, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Samueli atangosiya kuyamwa, Hana anakamusiya m'nyumba ya Yehova. Kenaka chaka ndi chaka ankamusokera kamkanjo, n'kupita nako pokapereka nsembe pamodzi ndi mwamuna wake Elikana.

Chaka ndi chaka! Mwana amakulatu. Mkanjo wa chaka chatha sukanamukwana, choncho Hana asanagwire singano ankayenera kuvomereza kuti Samueli wake watalika, mapewa akula, ngakhale kuti kukulako sanakuone ndi maso.

Amayi, malamulo amene munaika mwana ali ndi zaka 8 akumuthina tsopano pamene ali ndi 17. Chikondi chanu n'chenicheni, koma muyeso ndi wakale. Musasiye kumulangiza, ayi, dziko lili ndi mano ndithu. Koma mumufunse maganizo ake, ndipo akayamba kuyankha musamudule mawu. Zina mulekeni asankhe yekha mukadali pafupi, kuti akapunthwa apeze dzanja lanu.

Nawe mwanawe, kukula si kumenyetsa chitseko. Yesu ali ndi zaka 12 anatsalira m'Kachisi ku Yerusalemu, Mariya ndi Yosefe n'kumufunafuna masiku atatu ali ndi nkhawa. Anawauza mosabisa chimene chinali mumtima mwake, komabe anabwerera nawo ku Nazarete ndipo ankawamvera (Luka 2:51). Amayi ako akamafunsa kuti uli kuti, nthawi zambiri ndi mantha akuyankhula. Ayankhe mwaulemu, ndipo uwauze zoona.

Tipemphere: Atate, m'nyumba zimene mayi ndi mwana adzuka osalankhulana, fewetsani mtima wa mmodzi kuti ayambe ndiye kupereka moni. Patsani amayi nzeru yodziwa pogwira ndi posiya, ndipo atsikana athu muwasunge kulikonse kumene apite lero. M'dzina la Yesu, Amen.