Kavidiyo ka azakhali ndi ma podcast a bizinesi

(Pa sikirini: foni, gulu la banja pa WhatsApp)

Muli bwanji anzanga? Sabata yatha azakhali anga anaponya kavidiyo pa gulu la banja. Bambo wina wakhala kutsogolo kwa maikolofoni, akulankhula modekha ngati m'busa, akuti khansa imatha ukangosintha zakudya. Azakhali analemba kuti, "Mwanangu, tandimasulire, mnzanga wa ku mvano akulandira mankhwala a khansa."

Tiziduswa ngati timeneti timadulidwa kuchokera ku ma podcast, mapulogalamu ocheza a pa intaneti, a maola awiri kapena atatu. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa mapulogalamuwa sanayambe ndi za umoyo ayi. Anayamba ndi za ndalama.

(Pa sikirini: chithunzi cha Steven Bartlett)

Tengani The Diary of a CEO ya Steven Bartlett, mnyamata wobadwira ku Botswana amene anakulira ku Plymouth, ku England. Anaiyamba mu 2017 n'cholinga chofotokoza zovuta zoyendetsa kampani. Patapita zaka, alendo ofotokoza za tulo, za m'matumbo ndi za kuchepetsa thupi anachuluka. Chifukwa chake n'chosavuta kuona: si aliyense ali ndi kampani, koma aliyense ali ndi thupi, ndipo nkhani yoopseza imakoka anthu kuposa nkhani ya misonkho.

Mu December 2024, BBC World Service inaunika magawo 15 okamba za umoyo a pulogalamuyi. Inapeza kuti gawo lililonse linali ndi mfundo zoopsa pafupifupi 14 zotsutsana ndi umboni wa sayansi, kuphatikizapo yoti khansa ingachiritsidwe ndi kadyedwe ka keto, kodya zamafuta zambiri n'kuchepetsa kwambiri zakudya monga shuga, buledi ndi mpunga. Opanga pulogalamuyi anayankha kuti alendo awo amapatsidwa ufulu wolankhula zakukhosi. Chabwino, ufulu ulipo. Koma wofunsa mafunso akangogwedeza mutu osatsutsa, womvera amatenga zonse ngati zoona.

Pali china chimene ine chimandivuta kwambiri. Mu August 2024, bungwe loona za otsatsa malonda ku Britain la ASA linaletsa zotsatsa za Huel ndi Zoe, makampani a za zakudya, zomwe munali Bartlett, chifukwa sizinanene kuti iye anali mmodzi wa akuluakulu a Huel ndipo anaika ndalama zake mu Zoe. Munthu akukuyamikirira katundu, koma m'thumba mwake mukulowa kanthu.

(Pa sikirini: chizindikiro cha Spotify)

Ku America kunachitikanso zofanana. Mu January 2022, madokotala, asayansi ndi akatswiri ena 270 analembera Spotify, kampani youlutsa nyimbo ndi ma podcast pa intaneti, kalata yodandaula ndi zomwe zinanenedwa pa podcast ya Joe Rogan zokhudza katemera wa COVID-19, mpaka woimba Neil Young anachotsa nyimbo zake pa Spotify. Mu 2024 Spotify inasainanso mgwirizano watsopano ndi Rogan yemweyo.

Musandimve molakwika, inenso ma podcast ndimawamvera ndikamachapa. Pa za bizinesi ndaphunzirapo zenizeni, monga kusiyanitsa ndalama ya mpamba ndi ya ndiwo. Koma ku Britain, wailesi imayang'aniridwa ndi bungwe la Ofcom pomwe podcast siyang'aniridwa motero, ndipo kachidutswa kakafika pa foni ya azakhali, dzina la wolankhula ndi la wolipira pulogalamu limakhala litadulidwa kale.

Ndinawayankha kuti mnzawoyo asasiye mankhwala, ndipo za zakudyazo akafunse adokotala ake. Anatumiza chala chachikulu. Patangotha mphindi khumi anaponyanso kavidiyo kena, ka mnyamata wolonjeza kuti crypto, ndalama ya pa intaneti, iwalemeretsa pofika Khirisimasi.