Za timapaketi ta stem cell mwauzidwa tija

Achemwali, mwaswera bwanji? Ndangoweruka kumene, ndiye ndati ndingokujambulirani mawu, kulemba zinditalikira.

Amayi andiuza kuti kwabwera munthu ndi timapaketi ta ufa, akuti ndi stem cell, tichiritsa nthenda ya magazi ya sickle cell ya mtsikana wathu. Chonde musatulutse ndalama. Ma stem cell ndi maselo amoyo, amakhala m'mafuta a m'kati mwa mafupa, ndipo ndi amene amapanga magazi. Maselo amenewa sangakhale amoyo mu ufa wouma. Akanakhalamo, m'mimba akanagayidwa basi.

Chithandizo chenicheni chilipo, koma ndi cha kuchipatala chachikulu. Amamuika mwana maselo a munthu wina kuti ayambe kupanga magazi abwino. Amayamba ndi kuyeza abale ake a bere limodzi, bambo mmodzinso, kuyeza kwake amati HLA. Mwayi woti m'bale afanane naye ndi 1 pa 4. Inuyo ndi alamu mumangofanana naye theka, poti anatenga mbali kwa aliyense, ndiye oyamba kuyezedwa ndi anyamata awiri aja. Musaope za woperekayo ayi. Amamugonetsa, n'kukoka ndi singano pafupa la m'chiuno chakumbuyo, ndipo pakatha milungu ingapo thupi limabwezeretsa lokha. Ngakhale wongonyamula mbewu ya matendawa koma osadwala akhoza kupereka.

Amene amavutika ndi wolandirayo, apa ndisakubiseni. Amayamba ndi kumupatsa kemo, mankhwala amphamvu aja a khansa, kuti maselo akale afe. Atsopanowo amalowa pa diripi ngati magazi, ndipo amatenga milungu 2 mpaka 4 kuti agwire. Nthawi yonseyo mwana alibe chitetezo, kachimfine kokha n'koopsa. Nthawi zina maselo obwerawo amalimbana ndi thupi lake, khungu, chiwindi, matumbo. Komanso kemo ija ikhoza kumulepheretsa kudzabereka. Zimenezi mukambirane ndi alamu mofatsa, musadzazimve mochedwa.

Njira ina ija munaiona pa Facebook, Casgevy, ndi yoona. Britain inaivomereza mu 2023, amakonza maselo a mwini wake n'kumubwezera, koma inavomerezedwa kwa azaka 12 kupita m'tsogolo, ndipo kemo imakhalaponso.

Pakadali pano mankhwala ake a hydroxyurea asadumphitse, madzi azimwa ambiri, akatentha thupi musadikire kuti kuche. Mukapita ku sikelo yake mufunse adokotala za HLA. Kapaketi kaja mukajambule mbali zonse munditumizire, ndione zomwe alembapo. Moni kwa amayi.