Mawu a m'mawa: Fisi wa m'nthanoyo ndi ndani?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo kuno ku Joni? Lero tiwerenge 2 Samueli 12:1-13.

Sabata yatha pa gulu lathu la WhatsApp wina anaponyapo nthano yatsopano. Inayamba ndi "Padangokhala" ngati zija ankatisimbira agogo tikuotha moto, koma sinali ya ana ayi. Fisi anasiya mkazi ndi ana kumudzi n'kukwera basi ya ku Joni, atalonjeza kuti abwera ndi malata. Atatsika pa Park Station anapeza ganyu, kenako chipinda ku Rosettenville, kenako nambala ina ya foni. Kumudzi dzinja linadutsa kasanu nyumba ikudonthabe.

Ndemanga zinachuluka mpaka usiku. Ena amati wolembayo akunyoza abambo. Mayi ena anati, "Ameneyutu ndi alamu anga enieni." Achimwene ena anadandaula kuti nthanoyo sinatchule za lendi, za mapepala, za kuthawa apolisi, ndipo apa ananena zoona, moyo wa kuno ndi wowawa. Wina anangoti nthano n'za ana. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati, "Fisiyu ndine." Inenso sindinatero.

Mfumu Davide inachitanso chimodzimodzi. Atatenga Bateseba n'kuphetsa mwamuna wake Uriya kunkhondo, Mulungu anamutumizira mneneri Natani. Natani sanafike ndi mlandu, anafika ndi nthano. Munthu wolemera, wa nkhosa ndi ng'ombe zambirimbiri, analandira mlendo. M'malo mogwira m'khola mwake, anakalanda kamwana kankhosa ka munthu wosauka, kamodzi kokhako, komwe kankadya naye, kumwera m'chikho chake ndi kugona pachifuwa pake ngati mwana wake wamkazi. Davide anapsa mtima. Anati munthu ameneyo ayenera kufa, ndipo abweze kanayi. Anaweruza bwino ndithu, poti ankayesa kuti ndi nkhani ya wina. Natani anangoti, "Munthuyo ndi inu."

Mawu amenewa anandipeza Lachinayi m'bandakucha ndili pamzere wa taxi ku Bree. Ndinali nditalemba ndemanga yaitali yodzudzula Fisi, chonsecho mayi anga ku Dedza ndinali ndisanawaimbire chiyambire Isitala. Ndalama ndimatumiza, koma mawu anga sanawamve. Mtima unandiwawa kwambiri. Davide sanadziikire kumbuyo, anangoti, "Ndachimwira Yehova," ndipo Salimo 51 linatuluka m'kulapa kumeneko. Ine ndinaimba foni madzulo omwewo. Mayi anakhala kaye chete, kenako anati, "Mwanawe, ukudya koma?"

Tipemphere. Atate, mutilengere mtima woyera. Pamene mawu anu atiloza, tisawakankhire kwa mnzathu. Musunge amene tinawasiya kumudzi, mutiyang'anire m'misewu ya Joni lero, ndi amene akusaka ntchito muwatsegulire khomo. M'dzina la Yesu, Ameni.