Tiyi wochepetsa thupi uja sasungunula mafuta, tamverani

Moni nonse, takulandiraninso. Musanagule paketi ina ya tiyi wochepetsa thupi kapena botolo la makapisozi amene akuyenda pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipatseni mphindi zisanu zokha. Ngati ndi koyamba kufika kuno, dinani subscribe pompano, tizipita.

Mwachidule kaye. Metabolism ndi mmene thupi limasinthira chakudya kukhala mphamvu. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvuzo amathera pa ntchito zimene simuziona: mtima, ubongo, chiwindi, kupuma. Ndipo munthu wa thupi lalikulu amawotcha mphamvu zambiri akungokhala kuposa wowonda. Ndiye wogulitsa akakuuzani kuti metabolism yanu inafa, akukunamizani.

Choyamba, makapisozi a caffeine ndi green tea. Amakweza metabolism pang'ono kwambiri, ndipo mandasi awiri okha afafaniza zonsezo. Tiyi wakumwa alibe vuto, koma mu 2018 bungwe la EFSA, loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, linachenjeza kuti mamiligalamu 800 kapena kuposa a EGCG patsiku, chinthu chimene amachifinya mu green tea, angathe kuvulaza chiwindi.

Chachiwiri, glucomannan, wochokera ku mizu ya chomera chotchedwa konjac. Ameneyu ali ndi kaumboni. Amafufuma m'mimba, inu n'kumamva kukhuta. EFSA inavomereza magalamu 3 patsiku, ogawidwa katatu musanadye, koma kwa munthu amene wachepetsa kale zakudya. Mumwereni madzi ambiri, kupanda kutero amatsamwitsa.

Chachitatu, ndipo apa mundipirire chifukwa pamandipsetsa mtima: tiyi amene amati amatsuka m'mimba n'kusungunula mafuta. Tembenuzani paketiyo, muwerenge kumbuyo. Nthawi zambiri mupeza mawu akuti senna. Senna ndi mankhwala otsekula m'mimba, omwe aja amapatsa munthu wodzimbidwa. Mukamwa usiku, m'mawa mukuthamangira kuchimbudzi kawiri, katatu, mukakwera sikelo yatsika ndi kilogalamu, ndiye mukuti tiyi akugwira ntchito.

Ayi, abale anga. Mvetserani mmene chakudya chimayendera. Nsima ija, mafuta a mu ndiwo, shuga wa mu chakumwa, zonse zimalowa m'magazi zikadali m'matumbo aang'ono. Senna amagwira ntchito kumapeto, m'matumbo aakulu, chakudya chitalowa kale m'thupi. Chimene amatulutsa ndi madzi ndi zotsalira. Mumwe madzi masiku awiri, sikelo ibwerera pamene inali.

Nanga mafuta akamachoka amatulukira kuti? Yankhani m'makomenti ndisananene. Ambiri mulemba kuti thukuta kapena chimbudzi. Mafuta timawapuma! Mu 2014 Ruben Meerman ndi Andrew Brown a ku Australia anawerengera mu magazini ya zachipatala ya BMJ kuti pa makilogalamu 10 a mafuta amene thupi lawotcha, 8.4 amatuluka kudzera m'mapapo ngati mpweya wa carbon dioxide, ndipo 1.6 amasanduka madzi. Ndiuzeni tsono, tiyi wotsekula m'mimba akukhudzana bwanji ndi mapapo? Komanso kilogalamu imodzi ya mafuta imasunga makalori (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 7,700, chakudya cha masiku atatu kapena anayi cha munthu wamkulu. Zimenezo sizingathe usiku umodzi.

Ndipo si ndalama zokha zimene mukutaya. Kutsekula m'mimba tsiku ndi tsiku kumachotsa potassium, mchere umene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Amayi amene mukumwa mapiritsi olera, kutsekula kwambiri kungachititse kuti asagwire bwino ntchito. Choopsa china n'chakuti ena mwa matiyi ndi khofi oterewa apezekapo ataikidwa sibutramine mobisa, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Pa paketi n'kulemba kuti ndi zachilengedwe zokhazokha. Mukamwa tiyi n'kuona mtima ukuthamanga, m'kamwa mukuuma, tulo tikusowa, siyani lero lomwe, mupite kuchipatala paketiyo ili m'manja. Mukudziwa wina amene akumwa tiyi ameneyu? Mutumizireni vidiyoyi tisanapitirire.

Chachinayi, garcinia cambogia, wochokera ku chipatso cha dzina lomweli. Mu 1998 anamuyesa pa anthu 135 kwa masabata 12, ndipo amene anamwa sanasiyane ndi amene anapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala. Basi, tidutse.

Chachisanu ndi cha inu amene muli pa ma ARV. Dolutegravir, mankhwala amene ali m'mapiritsi a ma ARV otchedwa TLD, amanenepetsa anthu ena, ndiye ambiri amathamangira zochepetsa thupi. Chonde musasiye mankhwala anu. Dziwaninso kuti makapisozi okhala ndi calcium, iron kapena magnesium amagwirana ndi dolutegravir m'mimba n'kumulepheretsa kulowa bwino m'magazi. Onetsani botololo kwa adokotala anu musanayambe kumwa. Izi zikukhudzanso inu a matenda a shuga ndi a BP.

Nanga njala tiichite bwanji? Zokhutitsa zili pamsika pomwepa. Nyemba, nandolo, mazira, usipa. Therere lili ndi ulusi wonanda womwe umachedwetsa chakudya m'mimba. Mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Yambani ndi ndiwo zamasamba, nsima ibwere pambuyo, mtanda umodzi uchepe. Mugonenso mokwanira, chifukwa kusagona kumawonjezera chilakolako cha chakudya.

Sabata yamawa tikambirana za Ozempic, jakisoni wa matenda a shuga amene ena amabayitsa kuti achepetse thupi, amene mwakhala mukufunsa, mmene amagwirira ntchito ndi amene sayenera kubayitsa. Dinani kabelu kaja kuti isakupiteni, ndipo mulembe m'munsimu zimene zalembedwa kumbuyo kwa paketi ya tiyi amene muli naye kunyumba, ndiziwerenga.